Akatswiri amene ntchito yawo ndi kufufuta

Wosema ziboliboli wa m'mudzi wa Mukuni, kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, masiku ano sadalira sompho yekha. Akamaliza kusema njovu amaijambula, chithunzi n'kutumizira kasitomala pa WhatsApp, ndalama n'kulandirira pa Airtel Money kapena MTN. Foni yake ikakhala ya Android, kaya Tecno kaya itel, zonsezi zimayenda chifukwa cha pulogalamu imene iye saiona: kernel ya Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kuilemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki.

Ine ndimalemba mapulogalamu, ndipo anthu amene ndimawalemekeza kwambiri pa ntchitoyi ndi aja amafufuta zolemba zimene zinatha ntchito.

Kernel ndiyo imagawa memori, ija imalembedwa kuti RAM pa bokosi la foni. Ili ngati mkulu wa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park m'tauni ya Livingstone: malo ndi ochepa, ofuna kuyala katundu ndi ambiri, ndipo wina akachoka malo ake ayenera kupatsidwa kwa mnzake msanga. Pa makina ambiri memori imadulidwa m'zigawo za mabayiti 4,096. Koma kernel imasunganso tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri tosadzaza chigawo chathunthu, choncho pamafunika chida china chodulanso zigawozo.

Kwa zaka zambiri zida zoterezi zinalipo zitatu, zonse zogwira ntchito imodzi. SLAB inali ya m'ma 1990. SLOB inapangidwira makina a memori yochepa kwambiri. SLUB, ya Christoph Lameter, inabwera mu 2007 ndipo ambiri anasamukira komweko. Vuto linali loti wofuna kusintha kagawidwe ka memori ankayenera kuganizira zitatu zonse ndi kuziyesa zonse, ngakhale ija imene anthu anaisiya. Chosagwiritsidwa ntchito sichiyesedwa kawirikawiri, ndipo cholakwika chimatha kubisala mmenemo kwa zaka.

Vlastimil Babka, katswiri wa kampani ya SUSE, sanathamange pochotsa ziwiri mwa zidazo. Mu Linux 6.2 analemba chenjezo loti SLOB ichoka, ndipo anakonza SLUB yopepuka kuti eni makina ang'onoang'ono asasowe kolowera. SLOB inafufutidwa mu 6.4, m'chaka cha 2023. SLAB inachenjezedwa mu 6.5, n'kuchoka mu 6.8 mu Marichi 2024. Fayilo yake yaikulu yokha inali ndi mizere pafupifupi 4,000.

Kuchedwa konseku n'chifukwa chakuti kutsimikiza kuti palibe amene akugwiritsa ntchito chinthu n'kovuta kuposa kuchilemba. Katswiri amafufuza dzina la chinthucho m'mafayilo onse, koma zimenezo sizikwanira. Linux imayenda pa mafoni, pa ma TV, pa makompyuta a mabanki, ndipo mzere umene uli wakufa pa foni ukhoza kukhala wamoyo pa makina ena. Komanso Torvalds ali ndi lamulo limene salola kuti liphwanyidwe: kusintha kernel kusasokoneze mapulogalamu amene anthu akugwiritsa kale ntchito. Lamuloli ndimagwirizana nalo kwathunthu, ngakhale limachedwetsa zinthu.

Nthawi zina chofufutidwacho chimangosamuka. Android inali ndi kachidutswa m'kernel kotchedwa lowmemorykiller, kotseka mapulogalamu memori ikadzaza. Kanachotsedwa mu 2017, mu Linux 4.12, ndipo ntchito yake inapita kwa pulogalamu yapadera yotchedwa lmkd. Mukatsegula kamera pa foni ya memori yochepa, n'kubwerera ku WhatsApp n'kupeza ikuyambanso, nthawi zambiri ndi lmkd imene yaitseka kuti kamera ipeze malo.

Musayembekezere kuti foni ithamanga chifukwa SLOB inachoka. Mizere imene kampani yopanga foni sinaisankhe silowa n'komwe m'foniyo. Phindu lili kwa osamalira kernel, monga Andrew Morton amene wayang'anira mbali ya memori kwa zaka zambiri: nthawi imene ankatayira pa zida zitatu tsopano ikupita pa chimodzi, chomwe mafoni atsopano amadalira. Zokonzazo zimafika mochedwa, chifukwa foni zambiri zimakhala ndi kernel ya zaka zingapo zapitazo. Nambala ya kernel yanu ili mu Settings, pansi pa About phone. Ikakhala yochepera 6.4, ndiye kuti inatuluka SLOB isanafufutidwe.