Buku la Malangizo Limene Lili M'kati mwa Kompyuta

Mphunzitsi amene wayamba kumene ntchito amakhala ndi nkhaŵa yoti ana angamufunse funso limene iye sadziŵa yankho lake. Pa phunziro la kompyuta nkhaŵa imeneyi imakula tikafika pa malo aja olemberapo malamulo, pamene palibe zithunzi zoti tidinepo, koma kachizindikiro kophethira kamene kamadikira kuti tilembe mau. Malamulowo ndi ochuluka zedi, ndipo palibe munthu angathe kuwaloŵeza onse pamtima. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kuloŵeza sikofunika kwenikweni, popeza kompyutayo imasunga buku lake la malangizo, limene titha kuŵerenga ngakhale pa sukulu yopanda intaneti.

Chiyambi cha bukuli

Ntchito yokonza Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, inayamba m'chaka cha 1969 ku Bell Labs m'dziko la America, ndipo otsogolera ake anali Ken Thompson ndi Dennis Ritchie. M'mwezi wa November 1971 iwo anatulutsa buku loyamba lofotokoza malamulo a Unix limodzilimodzi. Pambuyo pake anakonza lamulo lotchedwa man, loti munthu aziŵerengera masamba a bukulo pa kompyuta pomwepo. Linux, imene Linus Torvalds anaiyambitsa m'chaka cha 1991, inatengera mwambo womwewu, ndipo umapezekanso pa macOS.

Kutsegula tsamba

Tiyerekeze kuti tifuna kudziŵa ntchito ya ls, lamulo loonetsa mafayilo amene ali m'foda. Tilemba man ls ndi kudina Enter, ndipo tsamba lake lioneka. Batani lalitali la mpata limatipititsa patsogolo. Chizindikiro cha / chotsatana ndi liu chimatisakira liulo m'tsambamo. Chilembo cha q ndicho chotulukira. Ndi bwino kuphunzitsa q poyambirira penipeni, chifukwa mwana amene waloŵa m'tsamba nasoŵa potulukira amaganiza kuti waononga makina.

Masamba onse anayalidwa mofanana. Mutu wa NAME umatchula dzina la lamulo ndi ntchito yake mwachidule. SYNOPSIS imaonetsa kalembedwe kake: mau amene atsekeredwa pakati pa zizindikiro izi [ ] titha kuwasiya, ndipo timadontho titatu timatanthauza kuti chinthucho chitha kubwerezedwa. DESCRIPTION imalongosola zonse mwatsatanetsatane, pamene SEE ALSO, cha kumapeto, imatilozera ku masamba ena ofanana nalo. Mwana akazoloŵera mitu inayi imeneyi pa tsamba limodzi, sadzavutika pa masamba ena.

Bukuli lilinso ndi magawo. Gawo 1 ndi la malamulo a tsiku ndi tsiku, gawo 5 limafotokoza kayalidwe ka mafayilo ena ofunika, ndipo gawo 8 ndi la woyang'anira makina. Motero man passwd itiuza za lamulo losinthira mau achinsinsi, koma man 5 passwd itiuza za fayilo yosunga maina a anthu ogwiritsa ntchito kompyutayo.

Njira zina

Nanga ngati taiŵala dzina lenilenilo la lamulo? Tilemba man -k pamodzi ndi liu lachingerezi la ntchito imene tikufuna. Mwachitsanzo, man -k copy itipatsa mndandanda wa malamulo okhudza kukopera, ndipo cp likhala limodzi mwa iwo. Tikafuna chikumbutso chachifupi pa Linux, tilemba ls --help. Malamulo ena, monga cd, ali m'kati mwa pulogalamu yolandira malamulo yotchedwa bash, ndipo ameneŵa tiwafufuza polemba help cd. Pa Windows, mu Command Prompt, liu loti help limaonetsa mndandanda wa malamulo, ndipo dir /? imafotokoza lamulo la dir.

Kuopsa kwa kulemba tisanaŵerenge

Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Lamulo la rm limachotsa fayilo osaiponya m'bini momwe tingakaitolemo. Tikaonjezerapo -r, limachotsa foda yonse pamodzi ndi zonse zili m'katimo. M'kalasi mmene ana ambiri amasinthana kompyuta imodzi, mwana wolemba lamulo limene wangomva kwa mnzake angathe kufafaniza ntchito ya anzake ya teremu yonse m'kanthaŵi kochepa. Komatu tsamba la rm limanena poyera kuti -i imachititsa kompyuta kufunsa kaye isanachotse fayilo iliyonse. Choncho m'kalasi mwathu tikhazikitse chizoloŵezi chakuti lamulo lachilendo lisalembedwe tsamba lake lisanaŵerengedwe.

Kayendetsedwe ka phunziro

Choyamba, tsiku la phunziro lisanafike tiyese man pa makina onse, pakuti ena amaikidwa Linux yopanda masambaŵa. Tikonzenso foda ya mafayilo oyeserera. Chachiŵiri, tionetse ana tsamba limodzi lokha ndi kulongosola mitu yake m'mau osavuta. Chingerezi cha masambaŵa ndi chouma, ndipo apa ndi pamene mwana amafunira mphunzitsi. Chachitatu, tigaŵe ana m'magulu ndi kupatsa gulu lililonse funso, monga lakuti: ndi chilembo chiti chimene chimachititsa ls kuonetsa mafayilo obisika? Yankho lake ndi -a, koma tisawauze. Gulu lililonse lifotokoze pamene lapeza yankholo, kenaka liyese ndi kuona ngati zachitikadi. Pomaliza tiwapatse funso limodzi loti aliyense afufuze payekha, ndipo pamenepo tidzazindikira amene wamva ndi amene amangotsamira anzake.

Mau omaliza

Tsiku lidzafika ndithu pamene mwana adzafunsa za lamulo limene ife sitilikumbukira. Tisayankhe zongoganizira pofuna kubisa manyazi, pakuti yankho lolakwa pa makina litha kuononga ntchito. Tinene kuti, “Tiyeni tifunse kompyutayi,” ndipo titsegule tsambalo ana onse akuona. Potero adzaphunzira zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, yankho la funso lawo ndiponso njira yopezera mayankho ena pamene mphunzitsi palibe.