Kupirira, Kulimbikira ndi Kuumirira: Kodi Mawuwa ndi Amodzi?

Kwa Mfumu Yaikulu Mphuka, m'boma la Thyolo, sipasowa ana otchedwa Pirirani, Limbikani kapena Chipiriro. Mayina ameneŵa akusonyeza kuti makolo athu amalemekeza munthu wosabwerera m'mbuyo. Komabe ife aphunzitsi, akatekisiti ndi alangizi a mabanja nthawi zambiri timasokoneza mawu onena za khalidweli, ngati kuti onse ndi amodzi. Ana athu nawonso amakumana ndi vuto lomweli pa Chingerezi, phunziro limene munthu akalephera salandira satifiketi ya MSCE. Tiyeni tiwaunike mawuwa limodzi, potengera chitsanzo cha minda ya tiyi imene yatizungulira.

Liwu loyamba ndi kupitiriza. Pa Chingerezi amati continue, carry on kapena go on. Mawuwa sanena kanthu za mavuto ayi. Amangotanthauza kuti ntchito sinaime. Mayi amene anayamba kuthyola tiyi m'mamawa, napuma pang'ono masana, kenaka n'kuberekanso dengu lake, wapitiriza ntchito basi.

Lachiwiri ndi kulimbikira, limene limagwirizana ndi liwu loti persevere, lochokera ku Chilatini perseverare. Apa pali zinthu ziwiri: cholinga chabwino ndiponso chopinga panjira. Mlimi wa tiyi amadziwa bwino zimenezi. Mbande imayamba yakhala ku nazale, ndipo ikawokedwa kumunda pamapita zaka zitatu kapena kuposerapo asanayambe kuthyola masamba okwanira. Pa nthawi yonseyo amapalira, amathira feteleza ndi kudulira, koma osaona ndalama. Ngakhale mbiri ya mbewuyi m'dziko muno ndi ya kulimbikira. Tiyi anayesedwa koyamba ku mishoni ya Blantyre zaka za m'ma 1800 zisanathe, kenaka anakakhazikika ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo, kumene esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Lachitatu ndi kupirira, limene pa Chingerezi ndi endure. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza chinthu cholimba. Wolimbikira amachita kanthu, pamene wopirira amasenza kanthu. Timapirira zimene sitingathe kuzisintha: matenda, maliro, chilala, kapena kuwonongeka kwa nyumba ndi minda monga zinachitikira m'maboma a kum'mwera pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Munthu wotere safuna kuuzidwa kuti achite khama. Afuna womukhalira pafupi ndi kumupepuza katundu wake.

Lachinayi ndi kuumirira kapena kukakamira, lofanana ndi persist ndi insist. Liwuli lili ndi nkhope ziwiri. Mwana woumirira sukulu, ngakhale walephera mayeso kawiri, timamuyamikira. Koma bambo woumirira kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kapena kudula mitengo m'phiri la Thyolo, pamene akuona nthaka ikukokoloka chaka ndi chaka, ameneyo ndi wa nkhutukumve. Choncho tisanamuyamikire munthu chifukwa chosasiya, tiyambe tafunsa kuti chimene sakusiyacho n'chiyani.

Kodi n'chifukwa chiyani tikutaya nthawi pa mawu? Chifukwa chake n'chakuti liwu lolakwika likhoza kupweteka munthu. Taganizani za mayi amene wabwera kwa ankhoswe kapena kwa alangizi ali ndi mabala a nkhonya. Tikangomuuza kuti, "Piriranitu amayi, banja ndi kupirira," ndiye kuti taika nkhanza m'gulu limodzi ndi chilala, ngati chinthu chosatheka kuchisintha. Chikhalirecho nkhanza zili ndi mwini wake, ndipo zingathe kuleka. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2006. Mayi wotere afunika kumuteteza ndi kumuperekeza kumene angapeze thandizo. Ngati pali woyenera kumva mawu olimba, ndi mwamunayo, kuti alimbikire kusintha.

N'chimodzimodzinso pa ntchito. Wothyola tiyi amapirira mame a m'mamawa ndi mvula ya mu Januwale, pakuti nyengo ya dzinja ndiyo imene tiyi amaphukira kwambiri. Koma ngati akukayikira sikelo kapena malipiro ake, pamenepo mpofunika kuumirira: kufunsa mwaulemu kwa akapitawo, kupita ku bungwe la anthu apantchito, ngakhale ku ofesi ya za ntchito. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Mbiri ya dera lathu ikutiphunzitsa zomwezi. Makolo athu, kuphatikizapo Alomwe ambiri amene anachokera ku Mozambique kudzakhala m'maesiteti, anapirira thangata, ntchito imene ankagwira m'malo mwa lendi ya malo okhalapo. Koma sanalekere pa kupirira pokha. Anadandaula kwa zaka zambiri, mu 1953 kuno ku Thyolo kunabuka chipolowe pa nkhani za malo, ndipo mu 1962 thangata anathetsedwa mwalamulo. Nayonso kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992 inatchula poyera mavuto amene anthu anali atawasenza mwakachetechete kwa nthawi yaitali, ndipo chaka chotsatira, mu 1993, a Malawi anasankha ndale za zipani zambiri.

Choncho, abale ndi alongo, pophunzitsa ana, poyendera odwala ndi polangiza mabanja m'miphakati yathu, tiyeni tizisankha liwu loyenera. Kwa wodwala ndi wofedwa tinene kuti, "Pirirani, tili nanu limodzi." Kwa wophunzira ndi mlimi tinene kuti, "Limbikirani." Kwa woponderezedwa tinene kuti, "Musakhale chete, tiyeni tikuperekezeni." Ndipo kwa wokakamira njira yoipa, tikhale ndi mtima wolimba womuuza kuti abwerere.