NTHOMBA YA NKHOSA: M'MENE KACHILOMBO KOOPSA KAKUTHANDIZIRA POYEZA MAGAZI

Akuluakulu ambiri amene ali ndi chipsera cha katemera paphewa akuikumbukira nthomba, nthenda imene inkapululutsa midzi ndi kusiya ena akhungu. Munthu wotsiriza kuitenga mwachilengedwe anapezeka ku Merca m'dziko la Somalia m'chaka cha 1977, ndipo m'chaka cha 1980 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti nthendayi yatheratu. Komabe abale ake a kachilombo ka nthomba akalipo pakati pa ziweto. Mwezi uno tikufotokozerani za mmodzi mwa iwo, ndiponso m'mene akatswiri akugwiritsira ntchito tizigawo ta thupi lake poyeza magazi. Nkhaniyi ikuthandizani kumvetsa zimene zimachitika pamene a kuchipatala akubayani chala ndi kutenga dontho la magazi.

NTHENDA YAKE NDI YOTANI?

Nthomba ya nkhosa imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, kakang'ono kwambiri kotero kuti makina wamba oonera tizilombo m'chipatala sangathe kukaonetsa bwino. Nkhosa ikakatenga, pamapita masiku 8 kufikira 13 isanayambe kudwala. Kenaka thupi limatentha, maso ndi mphuno zimatuluka zonyansa, ndipo pakhungu pamabuka timatuza tolimba, makamaka m'malo opanda ubweya monga kunsi kwa mchira, m'khwapa ndi pabere. Zilonda zikalowa m'mapapo nkhosa imabanika. Kumene nthendayi inakhazikika, nkhosa 5 kapena 10 mwa 100 zodwala zimafa. Koma ikagwera tiana kapena nkhosa zachilendo, khola lonse likhoza kutha.

Kachilomboka kamafala ndi mpweya ndi mamina pamene ziweto zathithikana. N'kolimba zedi: m'khola la mthunzi kakhoza kukhala ndi mphamvu kwa miyezi 6, ndipo m'nkhanambo ndi muubweya kwa miyezi itatu.

Nthendayi imapezeka kumpoto, kuzambwe ndi kuvuma kwa Africa, ku Middle East, ku India ndi ku China. M'chaka cha 2022 inabuka ku Spain, ndipo m'chaka cha 2023 inaonekanso ku Greece ndi ku Bulgaria, kumene boma linalamula kuti ziweto za m'makola ogwidwawo ziphedwe. Chigawo chathu cha kumwera kwa Africa si kwao kwa nthendayi, ndipo ndi udindo wa tonse kuti isalowe.

ABALE ATATU

Kachilomboka kali ndi abale awiri ofanana nako kwambiri. Wina amadwalitsa mbuzi. Winayo alimi a kuno akumudziwa bwino, pakuti ndiye amayambitsa zotupa za pakhungu la ng'ombe, nthenda imene alangizi a ziweto amaitchula kuti lumpy skin. Iyi inadziwika koyamba m'chaka cha 1929 kwa anansi athu ku Zambia, dzikolo likutchedwa Northern Rhodesia, ndipo imafala kwambiri nthawi ya dzinja chifukwa imayenda ndi ntchentche zoluma, udzudzu ndi nkhupakupa.

Atatuwa amafanana koposa magawo 95 mwa magawo 100 a chibadwa chao. Kufananaku kunasokoneza ngakhale akatswiri. Katemera wina wa ku Kenya anagwiritsidwa ntchito zaka zambiri ngati wochokera ku kachilombo ka nkhosa ndi mbuzi, koma m'chaka cha 2014 kafukufuku anaonetsa kuti analidi kachilombo ka ng'ombe.

Dziwani kuti abale atatuwa sadwalitsa munthu. Nthenda ya mpox, imene inapezeka m'Malaŵi muno m'chaka cha 2025, ndi ya mtundu wina. Ngati inu kapena mwana wanu mwatuluka matuza ndipo thupi latentha, musanamizire mbuzi, thamangirani kuchipatala.

PULOTENI YOTCHEDWA P32

Tikamva za mapuloteni timaganiza za nyemba, usipa ndi mazira, zakudya zokulitsa thupi. Koma chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi mapuloteni, ngakhalenso kachilombo. Ka nthomba ya nkhosa kali ndi malangizo opangira mitundu ya mapuloteni pafupifupi 150. Ina imamanga chikopa chake, ina imakathandiza kuswana, inanso imapusitsa chitetezo cha thupi la chiweto.

Pachikopapo pali puloteni ina imene akatswiri anaitcha P32, ndipo nambalayo ikunena za kulemera kwake pa muyeso wao. Kachilombo kakalowa m'thupi, magazi amapanga asilikali olimbana nako. Asilikaliwa amazindikira mdani poona mapuloteni a pachikopa chake, monga momwe mlimi amazindikirira ng'ombe yake poona mawanga. P32 ndi limodzi mwa mawanga oonekera kutali, ndipo asilikali oizindikira amatsalira m'magazi ngakhale chiweto chitachira.

Kale, pofuna kudziwa ngati nkhosa inakumanapo ndi nthendayi, akatswiri ankaweta kachilombo kamoyo m'labotale ndi kukasakaniza ndi madzi a m'magazi a nkhosayo. Ntchitoyi inkatenga sabata kapena kupitirira, ndipo inkafuna nyumba zotetezedwa kolimba monga za ku Pirbright Institute ku England, kuopa kuti kachilombo kangathawe.

Masiku ano amatenga malangizo opangira P32 okha ndi kuwaika mwa bakiteriya wotchedwa E. coli. Bakiteriyayo akamaswana m'botolo amapanga puloteniyo yambirimbiri. Akatswiri amaisefa, naisunga pozizira, ndipo ikhoza kutumizidwa ku dziko lililonse. Siingadwalitse chiweto, pakuti chikopa cha nyalugwe sichigwira mbuzi.

KAYEZEDWE KAKE

Njira yoyezera imatchedwa ELISA, ndipo anaitulukira Eva Engvall ndi Peter Perlmann ku Stockholm m'dziko la Sweden m'chaka cha 1971. Woyeza amatenga kambale ka pulasitiki ka timaenje 96, napaka puloteni ija pansi pa kadzenje kalikonse. Kenaka amathira madzi a m'magazi a nkhosa, iliyonse m'kadzenje kakekake. Ngati m'magazimo muli asilikali odziwa P32, amakakamira pomwepo ndipo sachoka ngakhale mbaleyo itsukidwe. Pomaliza amathira mankhwala amene amasintha mtundu pokhapokha pamene asilikali akakamira. Motero tsiku limodzi limakwanira kuyeza ziweto mazanamazana.

Njirayi ili ndi malire ake. Siimasiyanitsa abale atatu aja, chifukwa P32 yao ndi yofanana kwambiri. Siisiyanitsanso chiweto cholandira katemera ndi chimene chinadwaladi. Ndiponso chiweto chikangoyamba kumene kudwala, asilikali amakhala asanachuluke. N'chifukwa chake madotolo a ziweto amaonanso zizindikiro, natenga nkhanambo kukaziyeza ndi njira ina yotchedwa PCR, imene imafufuza chibadwa cha kachilombo komweko.

PHUNZIRO KWA IFE

Nzeru yomweyi ndiyo ikutithandiza m'zipatala zathu. M'kachipangizo koyezera HIV muli mapuloteni a kachilomboko opangidwa m'labotale, oyembekezera asilikali a m'dontho la magazi anu. Simuli kachilombo kamoyo, choncho palibe amene angatenge matenda chifukwa choyezetsa. Ndipo popeza asilikali amatenga nthawi kuti achuluke, mlangizi akakuuzani kuti mudzabwerenso kudzayezetsa, mverani. Kachipangizo koyezera malungo kamatembenuza nzeruyi: m'menemo muli asilikali oyembekezera puloteni ya kachilombo ka malungo. Katemera wa nthenda ya chiwindi ya hepatitis B, amene ana a m'Malaŵi anayamba kulandira m'chaka cha 2002, nayenso ndi puloteni imodzi yopangidwa ndi yisiti.

Chiweto chikafa, mwana amasowa mkaka ndi ndiwo, ndipo makolo amasowa chogulitsa pa tsiku la matenda kapena la fizi. Tsono kumbukirani izi:

1. Mukaona timatuza kapena zotupa pakhungu la nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe, patulani chiwetocho ndi kuuza mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

2. Musagule ziweto, zikopa kapena ubweya wochokera kutali popanda chilolezo cha a zaziweto. Chiweto chatsopano chikhale pachokha kwa masabata atatu.

3. Musadye kapena kugulitsa nyama ya chiweto chofa chokha, pakuti mwina chaphedwa ndi nthenda ina yogwiranso anthu monga anthrax.

4. Alangizi akabwera kudzatemera ziweto kapena kudzatenga magazi ake, alandireni bwino.

5. Inunso, a kuchipatala akapempha dontho la magazi, perekani chala mosaopa, ndipo dikirani zotsatira musanalandire mankhwala.

Mukafika kumudzi, werengerani anzanu nkhaniyi, makamaka amene ali ndi makola.