Onani Nambala ya Katundu Musanapereke Ndalama

Nyengo yogulitsa mtedza, soya ndi fodya ikafika, anthu ambiri m'boma lathu lino amagula mafoni, njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi masola. Ndi nthawi yomweyonso pamene katundu wakuba amalowa m'misika ya pa Boma, Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji. Poti Mchinji ali m'malire, chinthu chobedwa ku Chipata usiku chikhoza kugulitsidwa kuno kutacha, ndipo chobedwa kuno chikhoza kuwolokera ku Zambia. Sikuti katundu yense amadzera pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chidatsegulidwa mwatsopano mu Disembala 2022. Wina amadzera njira zachidule za m'midzi, kopanda womufufuza.

Wogula katundu wakuba amataya pawiri. Apolisi akachipeza chinthucho amachilanda kuti chikhale umboni, kenako chimabwerera kwa mwini wake, ndipo ndalama za wogulayo zimapita ndi wakuba uja. Kuwonjezera apo, gawo 328 la malamulo a zilango m'dziko muno likuti ndi mlandu kulandira kapena kusunga katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ngwakuba. Mtengo wotsika modabwitsa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe khoti lingaunike pofuna kudziwa ngati wogulayo adayenera kukayikira.

Chomwe chingakutetezeni ndi nambala imene fakitale imadinda pa chinthu chilichonse, yomwe ambiri amaitcha siriyo nambala. Mafoni awiri akhoza kufanana mtundu ndi maonekedwe, koma nambala zawo zimasiyana. Nchifukwa chake mbava zimayesetsa kuifufuta.

Pa foni, nambalayi imatchedwa IMEI ndipo ili ndi manambala 15. Mukadina *#06# imaoneka pagalasi la foniyo. Foni ya malayini awiri imaonetsa manambala awiri. Yerekezani ndi yomwe yalembedwa pabokosi ndi palisiti. Zikasiyana, musagule. Pemphaninso wogulitsayo kuti atsegule foniyo ndi kuchotsamo akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona. Mwini wake weniweni savutika nazo zimenezi.

Njinga yamoto ili ndi manambala awiri. Ya chasisi imadindidwa pachitsulo, kawirikawiri pakhosi pomwe pamalowa mahandulo, ndipo pa njinga zambiri imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Ina ili pa injini. Zonse ziwiri zifanane ndi zolembedwa mu bulu buku yochokera ku nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pachiphaso chaunzika cha wogulitsayo. Ngati njingayo idachokera kunja, funsani mapepala a bungwe lotolera misonkho la MRA. Pukutani pamalo pa nambalapo ndi kupapasa ndi chala. Mukaona zokandakanda, penti watsopano pamalo pokhapo, zowotcherera kapena zilembo zosayima mzere umodzi, dziwani kuti padutsa dzanja la munthu.

Pa njinga yakapalasa, nambala imakhala pansi pa felemu, pakati pa mapedulo. Pa masola, mabatire, mapampu othirira ndi makompyuta imakhala pakapepala komata kumbuyo kapena pansi. Kakapepalako kakakhala kong'ambidwa kapena kopalidwa, funsani chifukwa chake.

Mukaipeza nambalayo, pitani ku polisi yapafupi pamodzi ndi wogulitsayo kuti akaone ngati chinthucho sichidalembedwe m'madandaulo a katundu wobedwa. Pa galimoto ndi njinga zamoto zochokera kunja, apolisi amatha kufufuzanso kudzera ku Interpol, bungwe lomwe limalumikizitsa apolisi a mayiko osiyanasiyana. Wogulitsa amene akukana kupita nanu, kapena akukufulumizitsani kuti ali paulendo, musiyeni apite ndi katundu wake.

Komabe, kusapezeka kwa nambala m'mabuku a apolisi si chitsimikizo chokwanira, poti apolisi amadziwa zokhazo zimene eni ake adakanena. Choncho lemberanani kalata yogulitsana yokhala ndi tsiku, mtengo, nambala ya chinthucho ndi nambala ya chiphaso cha wogulitsa, pamaso pa mboni ziwiri kapena a mfumu.

Tonsefe tilinso ndi udindo pa katundu amene tili naye kale. Lembani manambala ake m'kope lero lino, muwajambule, ndipo musunge malisiti pamalo osiyana ndi katunduyo. Zikabedwa, kanenani ku polisi msanga mutatenga manambalawo. Wodandaula wongonena kuti njinga yake inali yofiira amavutika kutsimikiza umwini ngakhale njingayo itapezeka.

Khonsolo ikupempha makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, magulu a chitetezo cha m'midzi, atsogoleri a kabaza komanso okonza mafoni kuti akambirane nkhaniyi pamisonkhano yawo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula: funsani nambala, funsani mapepala, ndipo mupereke ndalama pokhapokha zonse zitagwirizana.