Likodzo, Mpunga ndi Mtengo wa Chipatala Chaulere ku Domasi

Msewu wochoka mumzinda wa Zomba kupita ku Liwonde ukangodutsa pa Songani umalowa m'chigwa cha mtsinje wa Domasi, umene umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'Malawi muno ndi madera ochepa amene anthu ake aphunzitsidwa za ukhondo kwa nthawi yaitali ngati a m'chigwa chimenechi. Amishoni a Church of Scotland, motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick, anamanga mishoni kuno mu 1884. Mu 1929 boma la atsamunda linatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira kukumba zimbudzi, kusamala zitsime ndi kulera makanda, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse anzawo. Pambuyo pake mafumu nawo ankaitanidwa. Mu 1949 kunayambikanso ntchito yoyesera chitukuko cha m'midzi yotchedwa Domasi Community Development Scheme, yomwe mkulu wake anali T.D. Thomson. Lero pa Domasi pali koleji ya aphunzitsi komanso Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ya ana a sukulu a dziko lonse.

Matenda akanakhala kuti amathawa chiphunzitso, bwenzi likodzo litatha kalekale m'chigwachi. Koma lilipo, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuona kaye momwe limayendera.

Munthu wodwala likodzo akakodzera m'madzi amasiyamo mazira a tinyongolotsi. Mazirawo amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo pakapita milungu ingapo timatulukamo tambirimbiri, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Sitidikira kuti munthu amwe madziwo ayi. Timaboola khungu la aliyense amene waponda m'madzi, n'kukakhwimira m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, momwe tingathe kukhala zaka zambiri tikuikira mazira. Mazirawo ndiwo amabala mabala m'chikhodzodzo mpaka mkodzo kutuluka ndi magazi. Mwana amachepa magazi, amafooka, m'kalasi amangoodzera. Likakhalitsa osachizidwa limatha kuwononga impso, ndipo kwa ena limayambitsa khansa ya m'chikhodzodzo.

Uphungu wake ndi wachidule: musasambe kapena kuponda m'madzi odekha. Tsono kauzeni zimenezi mlimi wa kumunsi kwa mtsinjewu, ku sikimu ya mpunga ya Domasi, imene inakonzedwa mothandizidwa ndi a ku Taiwan zaka zoposa 50 zapitazo ndipo ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 500. Mpunga sawokera pouma. Wowokera amaima m'madzi kuyambira m'mawa mpaka masana, nthawi yeniyeni imene tizilombo tija timachuluka, ndipo ngalande zothirira ndi malo amene nkhono zimakonda. Walira mvula walira matope: sikimu inabweretsa chakudya ndi ndalama, ndipo madzi omwewo amasunga nthenda. Mayi wochapa kumtsinje chifukwa pamjigo pali mzere wautali, mnyamata wowedza matemba ndi milamba ya ndiwo, waganyu amene sangakwanitse kugula nsapato za jombo, onsewa uphungu uja anaumva. Ine ndimakana ndithu kuwatcha mbuli. Pa zinthu ziwiri, njala ya mwezi uno ndi nthenda ya zaka zakutsogolo, asankha kuthana ndi imene yafika kale pakhomo.

Komabe umphawi sungotsekereza munthu kuchita zimene akudziwa. Umaumbanso zimene iye amaziona ngati matenda. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kumene anyamata ochuluka amakodza magazi, akuluakulu ena ankaona ngati ndi chizindikiro cha kukula. Maganizo otere sachokera ku ufiti kapena kuuma mutu. Chinthu chimene chagwira ana a nyumba iliyonse chimasiya kudabwitsa, ndipo munthu sathamangira kuchipatala ndi chinthu chosadabwitsa. Kwa amayi nkhani ndi yopweteka koposa. Likodzo limatha kukhudza ziwalo zoberekera, n'kumayambitsa kuwawa m'chinena, chikazi chachilendo ndi kutaya magazi. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, choncho mtsikana amabisa poopa kunenedwa kuti ngwoyendayenda, ndipo akalimba mtima n'kupita kuchipatala nthawi zina amapatsidwa mankhwala a nthenda imene alibe.

Mankhwala a likodzo alipo, dzina lake praziquantel, ndipo boma limawagawa ulere m'masukulu. Mwana amamuimika pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi angati omupatsa. Koma mankhwalawa amafuna m'mimba muli kanthu. Mwana amene wachoka kunyumba osalawa ngakhale phala amamva chizungulire, amachita nseru, mwina kusanza kumene. Anzake akaona zimenezo amakafotokoza kunyumba, ndipo chaka chotsatira makolo ena amawauza ana kuti tsiku la mankhwala asapite kusukulu. Wolemba lipoti anena kuti anthu akukana mankhwala chifukwa cha mphekesera, pamene gwero la mphekeserayo ndi mimba yopanda kanthu. Ngakhale amene wamwa bwinobwino, mankhwalawa amapha tinyongolotsi timene tili kale m'thupi basi. Akabwerera m'ngalande mawa lake, nthenda iyambiranso.

Tibwere ku chipatala. M'zipatala za boma salipiritsa, ndipo ichi ndi chinthu chachikulu chimene tiyenera kuchiteteza. Pa Domasi pali chipatala cha boma, matenda aakulu amatumizidwa ku Zomba Central, ndipo ku Malosa kuli St Luke's cha mpingo wa Anglican, chimodzi mwa zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM zimene zimalipiritsa, ngakhale boma limagwirizana ndi zina mwa izo kuti amayi oyembekezera azithandizidwa ulere. Koma wodwala wa kutali akamawerengera ulendo wa kuchipatala samayambira pa khomo la dokotala. Amayamba ndi ya kabaza, kupita ndi kubwera. Amawerengera tsiku la ganyu limene latayika. Akagonekedwa pafunika gadiyani, amene naye asiya munda ndi ana n'kunyamula ufa, nkhuni ndi poto. Ndipo mankhwala akapezeka kuti atha, amulembera m'kabuku kuti akagule kufamase. N'chifukwa chake mwana akatentha thupi, mayi amayamba wagula panado pa okala n'kudikira kuti aone kutacha. Malungo mwa mwana wamng'ono sadikira choncho. Zipatala za m'midzi zimene alangizi a zaumoyo amayendetsa, momwe ana osakwana zaka zisanu amalandira mankhwala a malungo a LA ndi thanzi ORS pafupi ndi kwawo, zinakhazikitsidwa pofuna kudula mtunda umenewu, ndipo zimathandiza pokhapokha mlangiziyo akakhala m'dera lomwelo ndipo bokosi lake lili ndi mankhwala.

Apa m'pamene sing'anga amapambanira. Ali pafupi, amalankhula Chiyao kapena Chinyanja cha wodwalayo, amamvetsera nkhani yonse osayang'ana mzere wa panja, ndipo amalola nkhuku kapena kulipira pokolola. Amayankhanso funso limene chipatala sichiyankha, loti bwanji nthendayi yagwera ine. Mabanja ambiri sasankha mbali imodzi: amapita uku ndi uku, malinga ndi zomwe zili m'thumba ndi momwe wodwala akuonekera. Choopsa chake n'chakuti mwana wotupa mapazi chifukwa chosowa zakudya akatchedwa wa tsempho, masiku amatha makolo akufunsana kuti walakwa ndani.

Umboni wamphamvu woti vuto lalikulu ndi umphawi, osati kusadziwa, unapezeka m'boma la Zomba lomweli. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri ofufuza, pakati pawo Sarah Baird ndi Berk Özler, anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Mtsikana ankalandira pakati pa dola imodzi ndi madola 5 a ku America, makolo pakati pa madola 4 ndi 10. Sanawaphunzitse chilichonse chatsopano chokhudza Edzi. Patapita miyezi 18, mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira ndalama, 12 pa 1,000 alionse ndiwo anapezeka ndi kachilombo ka HIV, pamene mwa osalandira anali 30 pa 1,000 alionse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012. Atsikana olandira ndalama sankachita zibwenzi kwambiri ndi amuna aakulu. Ofufuzawo atabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri linali litazilala.

Kumene mtsinje wa Domasi ukuthera kuli chitsanzo cha zimene zimatheka azaumoyo akayamba afunsa momwe anthu amapezera chakudya. Asodzi ambiri a pa Chilwa amakhala milungu yambiri pa zimbowera, tinyumba toyandama ta m'mabango, ndipo madzi akumwa ndi chimbudzi ndi nyanja yomweyo. Kolera itabuka kumapeto kwa 2015 m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, katemera wakumwa anafunika kuperekedwa kawiri motalikitsa milungu iwiri. Aliyense ankadziwa kuti msodzi sangasiye ukonde kuti apalase bwato kubwerera padoko tsiku loikika. Choncho mu 2016 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, unawamwetsa katemera woyamba n'kuwapatsa wachiwiri m'manja kuti apite naye pa zimbowera akamwe okha tsiku likakwana, ndipo asodzi ambiri anamwadi.