Musanagulire Akunyumba Galimoto: Zinthu 10 Zimene Zithunzi za pa Foni Sizikuuzani

Tsiku lina m'dzinja mayi a kunyumba anafika atanyowa chinyowere, mwana wina kumsana wina kudzanja, minibasi itawatsitsa panjira. Usiku womwewo tinagwirizana kuti zivute zitani tipeze kagalimoto. Ine mtima unali pa tija tataliatali timati SUV. Iwo ankangofuna kolowa thumba la chimanga kumbuyo. Ndinatha miyezi itatu ndikugona ndi foni kumaso, kusuzumira magalimoto a ku Japan pa BE FORWARD ndi SBT, masana n'kumazunguza amakaniko ndi mafunso. Zimene ndinatola m'menemo ndi izi.

1. Kutalika kwa galimoto sikutanthauza kuti imakoka ndi matayala onse anayi.
RAV4, imene Toyota inayamba kupanga mu 1994, ili ndi 4 kumapeto kwa dzina lake kusonyeza matayala anayi okoka. Koma ma RAV4 ochuluka ndithu amene tikuwaona m'tauni amakoka ndi akutsogolo okha, chimodzimodzi Vitz. Yankho lili pa nambala ya chasisi. Yoyamba ndi ACA31 imakoka ndi onse anayi, ya ACA36 ndi awiri basi. Fielder nayonso, NZE144 ndi ya anayi, NZE141 ya awiri. N'chifukwa chake mutha kuona Fielder yooneka yofatsa ikutuluka m'matope a ku Mitundu, RAV4 ili pomwepo ikupalasa. Nambala zikakusokonezani, gwadani musuzumire kunsi: ngati palibe chitsulo chachitali chochoka ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, nthawi zambiri akumbuyowo amangotsatira. Komanso dzifunseni ngati mukufunadi yokoka konsekonse, pakuti imalemera ndipo imamwa mafuta ochulukirapo. Munthu amene ulendo wake ndi wa pa tala, kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre, angamalipirire tsiku ndi tsiku mphamvu imene adzaifune kawiri pachaka.

2. Chimene chimapulumutsa galimoto kwathu kuno ndi mpata wa kunsi kwake.
Fielder imasiya masentimita 15 kapena 16 pakati pa mimba yake ndi nthaka. Forester ndi Rush yokoka konsekonse zimasiya pafupifupi 20. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma ndi komwe kumachititsa kuti wina adutse hampu ya ku Chilomoni mwakachetechete, wina amve kukhulika kumene kumapweteka mpaka m'mano. Chondidabwitsa chinali Toyota C-HR: maonekedwe ngati yokwera mapiri, koma ya ku Japan kunsi kwake sikuposa Fielder. Musayese ndi maso galimoto ili yopanda kanthu. Kwezani anthu anayi ndi katundu, ndiye muyang'ane.

3. Injini imodzi ili m'magalimoto ambirimbiri, ndipo imeneyo ndiyo bwenzi la thumba lanu.
Dzina lake ndi 1NZ-FE, ya 1496cc. Muipeza mu Fielder, Probox, Succeed, Sienta yoyamba ija, Ractis, IST, ngakhale mu Allion ndi Premio zazing'ono. Imayendera tcheni m'malo mwa lamba, choncho palibe zoti pakatha makilomita akutiakuti mukasinthe lamba wa injini asanaduke. Popeza ma Sienta ndi ma Probox adzaza m'misewu ngati matakisi, zipangizo zake zili mbwee ku Biwi ndi ku Ndirande, zatsopano ndi zophwasula zomwe, ndipo ngakhale makaniko wa pansi pa mtengo ku Ntcheu amaidziwa ngati chikhatho chake.

Apa ndi pamene ndinasiyana ndi Subaru Forester, ngakhale ndimaikonda mpaka lero. Imagwira msewu bwino zedi, pamatope ndi dolo. Koma injini yake ndi yogona chammbali, mapulagi ali m'nthiti mothina, ndipo si makaniko aliyense amene amailowa molimba mtima. Kukoka kwake kumafunanso kuti matayala onse anayi akhale ofanana msinkhu ndi kaperepesedwe. Likaphulika limodzi ena atatha kale, kuika latsopano limodzi lokha kumazunza zitsulo zogawa mphamvu. Makaniko wina wachikulire anandifunsa kuti, “Akulu, galimotoyi ikafa usiku ku Zalewa mayi ali okha, adzaitana ndani?” Funso limenelo linandikhala.

4. Magalimoto ena ndi mapasa, anangosiyana mayina.
Toyota Rush inapangidwa ndi Daihatsu, ndipo ndi yomweyo imene imatchedwa Be-go ku Japan, Terios kumaiko ena. Nissan Dualis ndi Qashqai. Suzuki Escudo ndi Grand Vitara. Honda Vezel ndi HR-V. Vanguard ndi RAV4 yotalikitsidwa. Kudziwa izi kumathandiza pawiri. Mutha kupeza Be-go yotsikirapo mtengo chifukwa chakuti anthu akuthamangira chizindikiro cha Toyota. Ndipo mukatuma m'bale wanu wa ku Johannesburg kuti akugulireni chipangizo cha Dualis, muuzeni afunse cha Qashqai, apo ayi adzabwerako chimanjamanja.

5. Galimoto yotchipa pa foni itha kukhala yodula pa Songwe.
Mtengo umene umakopa maso pachithunzi nthawi zambiri ndi wa galimoto ili chiimire ku Japan. Pamwamba pake pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, ajenti, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 800 kudzafika pachipata cha Songwe, kenako msonkho wa MRA, kulembetsa, COF ndi inshulansi. Mwa zina, msonkhowo umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri, imene munaisankha poti ndi yotchipa, imalangidwa chifukwa cha ukalamba wakewo. RAV4 ya 2362cc ili m'gulu lina ndi Rush ya 1495cc. Musatumize ndalama musanapeze chiwerengero cha msonkho kuchokera ku MRA kapena kwa ajenti wovomerezeka.

Palinso nkhani ya dola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene galimoto zawo zinali panyanja anadzuka ndalama ya msonkho imene anasunga itaperewera. Pa chifukwa chimenechi galimoto yoti ili kale m'dziko muno, yolipiridwa zonse, imene mungaigwire ndi manja n'kuiyendetsa, siyenera kunyozedwa ngakhale mtengo wake ukuoneka wokwera.

6. Anthu a ku Japan satayira galimoto kutha, ndipo mapepala ake amaulula makilomita enieni.
Kumeneko galimoto yatsopano ikatha zaka zitatu imakayezedwa mwalamulo, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuyezaku amati shaken, ndipo pamodzi ndi misonkho ndi inshulansi yake kumadya ndalama zambiri, moti ambiri amaona kuti bola kugulitsa. Ndiye gwero la magalimoto abwinobwino amene timalandira kuno. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti poyezapo amalemba makilomita amene galimoto yayenda, ndipo manambalawo amaoneka pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Ngati chikalata chikuti zaka ziwiri zapitazo inali pa 140,000 koma lero wotchi ikuonetsa 68,000, wina waibweza. Pemphani chikalatacho.

Pa mapepalawo zaka amalemba mwa kawerengedwe ka mafumu awo. H ndi Heisei, imene inayamba mu 1989: wonjezerani 1988 pa nambalayo, H24 ikhala 2012. R ndi Reiwa, yoyamba mu 2019. Koma R akaoneka pamalo a giredi pa pepala la okushoni, tanthauzo lake ndi lina: galimotoyo inakonzedwapo mafupa ake, kawirikawiri itachita ngozi.

7. Itha kufika itavala nsapato za m'chipale, yopanda ndi sipeya yomwe.
Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa chambiri. Magalimoto okoka konsekonse amachuluka kumeneko, ndipo m'misewu amathira mchere wosungunula chipalecho. Mcherewo umadya chitsulo kunsi, pamene pamwamba penti ali waliwali. Funsani zithunzi za kunsi. Matayala a m'chipale nawo ndi a mphira wofewa, timizere tosongoka tambirimbiri. Amaoneka onona, koma pa tala wotentha wa ku Chikwawa amatha msanga ndipo pamvula sagwira mabuleki bwino. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi: 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Tayala limakalamba ngakhale lisanaperepeseke.

Tsegulaninso pansi pa buti. Magalimoto ambiri a zaka zaposachedwa amabwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu m'malo mwa sipeya. Kabotoloko kamatseka bowo la msomali, osati tayala long'ambika m'dzenje la pa M1.

8. Giyabokosi zina sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi oyilo wolakwika.
Fielder za kuyambira 2006, X-Trail yachiwiri, Dualis, ndi zina zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthasintha monga tinazolowera, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo lambayo amadalira oyilo wakewake kuti asaterereke. Ya Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, ya Toyota imafuna TC kapena FE, malinga ndi galimoto. Munthu akathiramo ATF wamba poti “otomatiki ndi otomatiki”, miyezi ingapo galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka ndi kulira ngati mluzu. Amene aziyendetsa galimotoyo adziwe dzina la oyilo wake pamtima, ndipo pothira aone botolo ndi maso ake.

9. Wailesi yake simva mawayilesi athu ambiri.
Ku Japan FM imayambira pa 76 n'kulekeza pa 90, kapena 95 m'zatsopano. Kwathu imayambira pa 87.5 mpaka 108. Pamafunika kachipangizo kokuzira mafunde kapena wailesi ina. Mawu a mayi wolankhula Chijapani mukangoliza galimoto asakuopseni: kawirikawiri ndi kamakina kolipirira misewu ya kwawoko, kakudandaula kuti mulibe khadi. Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke sikagwira ntchito, ndipo wa zamagetsi amakachotsa mosavuta.

Pali china cha m'kati momwemo chimene si chaching'ono. Magalimoto mamiliyoni a Toyota, Honda, Nissan, Subaru, Mazda ndi ena anaikidwa ma airbag a kampani ya Takata, amene mankhwala ake amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, n'kuphulika ndi tizitsulo kumaso kwa woyendetsa. Kampaniyo inagwa mu 2017 chifukwa cha nkhani imeneyi. Opanga magalimoto ali ndi masamba pa intaneti pamene mumalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati yanuyo inakonzedwa. Ndipo ngati muli ndi ana aang'ono, pisani dzanja pakati pa tsinde ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. Mukakhudza tizitsulo tiwiri, ndi ISOFIX yokolekapo mpando wa mwana, imene ku Japan inakhala lamulo m'magalimoto atsopano kuyambira 2012.

10. Galimoto ya akunyumba imasankhidwa ndi akunyumbawo, ndipo dzina lawo liyambire pa invoisi.
Ambiri timafuna kuti ikhale mphatso yodzidzimutsa, makiyi m'manja anthu akuwombera. Ine ndinatsala pang'ono kutero ndi Rush. Mwayi wake, Loweruka lina tinapita limodzi pamalo ena ogulitsira magalimoto. Mayi a kunyumba ndi aafupi. Anakwera Rush, nakokera mpando kutsogolo mpaka pomaliza, natembenuka kuyang'ana kumbuyo, kumene sipeya imapachikidwa pachitseko. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Abambo, mwana ataima kumbuyoku ine ndingamuone?” Ndinakaima kumbuyoko n'kunjuta mpaka msinkhu wa mwana wathu wamng'ono. Sanandione.

Pa Fielder anachita zina. Anagwetsa mipando yakumbuyo, namasula chitenje, nachiyala m'buti kuyeza ngati matumba awiri angagone motsatizana. Kenako anaima pakhomo pa butiyo n'kuona kuti mlomo wake ukuwalekeza m'mawondo, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 atha kulikankhiramo popanda kudikira mwamuna. M'miyezi itatu ya pa foni ija, palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chinandibwerera m'mutu. Msewu wakumudzi kwawo ndi wafumbi koma wosalala, ndipo amapitako kamodzi pamwezi. Kusukulu ya ana, kuntchito ndi kumsika amapita tsiku lililonse. Tinatenga Fielder ya matayala awiri okoka, n'kuigulira matayala atsopano ndi sipeya pa ndalama imene ikanapita ku msonkho wa injini yaikulu.

Za dzina musazengereze. Tonse taonapo mayi wamasiye akulandidwa makiyi maliro asanathe, achibale akuti “galimotoyi ndi ya m'bale wathu, onani bulu buku”. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu kotereku m'gulu la milandu, koma kulondola mlandu kumafuna nthawi ndi mphamvu zimene wofedwa sakhala nazo. Galimoto yolembedwa m'dzina la mwini wakeyo silowa n'komwe m'chuma chogawidwa. Dzina limene mwapereka kwa wogulitsa ku Japan ndi limene limalembedwa pa invoisi ndi pa mapepala a sitima, n'kuyenda nalo kudutsa pa MRA mpaka ku Road Traffic, ndipo kusintha pambuyo pake ndi ndalama zina ndi mizere ina. Choncho galimoto isananyamuke, akunyumbawo apite okha ku Road Traffic akadinde zala ndi kutenga khadi lawo, chifukwa pa zala palibe wodindira mnzake.