Fomu ikakana nambala: malamulo amene timaika m'mapulogalamu osonkhanitsira deta

Aliyense amene anatumizapo ndalama pafoni akudziwa kuti nambala ya foni ikaperewera, pulogalamu imakana kupitirira. Palibe munthu amene wakhala tsidya linalo n'kumawerenga manambalawo. Amene anapanga pulogalamuyo anaikiratu lamulo loti nambala ya foni ikhale ndi kutalika kwakuti, ndipo chilichonse chosemphana ndi lamulolo chibwezedwe. Malamulo otere ali m'mapulogalamu a kubanki, a m'masitolo ndi owerengera malipiro a antchito. Ifenso a zaumoyo timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kungoti ambiri a ife timawakumbukira pokhapokha fomu ikatikanira.

Mapulogalamu amene timakumana nawo kwambiri kuno ndi DHIS2, REDCap ndi ODK. DHIS2, imene imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo, ndi imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala. REDCap inayambira ku Vanderbilt University mu 2004, pomwe ODK inayambira ku University of Washington mu 2008. Onsewa amalola wopanga fomu kunena kuti malo akuti alandire nambala yokha kapena deti lokha, kuti nambalayo isatsike kapena kupitirira malire akuti, kuti funso lakuti lisasiyidwe, komanso kuti mayankho awiri agwirizane.

Phindu lake limaoneka bwino pa muyezo wa mkono wa mwana. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene mkono wake sukufika masentimita 11.5 amawerengedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri, ndipo ayenera kulandira chithandizo. Vuto ndi lakuti ena amalemba muyezowu m'masentimita, ena m'mamilimita. Wolemba akaika 112 pamalo oyembekezera masentimita, kompyuta imaona mwana wa mkono woposa mita imodzi, n'kumuika m'gulu la ana athanzi. Mwana amene amafunika chiponde wasowa m'chiwerengero. Malire osavuta, oti nambala ikhale pakati pa 5 ndi 30, amagwira cholakwikachi mwanayo adakali pamiyendo pa mayi ake, pamene kumuyezanso kumangotenga mphindi imodzi. Chikapezeka patapita miyezi itatu, wofufuza ali mu ofesi ku Blantyre, palibenso chochita koma kutaya muyezowo.

Mu DHIS2 malamulo ambiri amayerekeza ziwerengero ziwiri za lipoti limodzi. Anthu opezeka ndi malungo atayezedwa sangachuluke kuposa anthu amene anayezedwa. Lipoti likanena zotero, pulogalamu imaonetsa kuti pali kusemphana, ndipo wolowetsa deta ayenera kubwerera ku kaundula wa chipatala kukawerenganso.

Mpaka pamenepa nkhani ikukoma. Koma lamulo limene laikidwa popanda kuganizira bwino limawononga deta mwakachetechete, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa kafukufuku wina wa amayi oyembekezera, ndinapatsidwa ntchito yokonza fomu ya patabuleti. Pa funso la zaka ndinaika malire a 15 mpaka 49, chifukwa ndi zaka zimene timazolowera kuziona m'mabuku ndi m'makafukufuku akuluakulu a dziko lonse. Patapita milungu ingapo, mmodzi wa ofunsa mafunso anandiuza, ngati nkhani yongocheza, kuti kusikelo kunabwera mtsikana wa zaka 14 ali ndi pakati, fomu inakana, ndiye analemba 15 kuti ntchito ipitirire. Sindinamuone wolakwa. Pabenchi panali amayi ena akudikira, ndipo tabuleti sinkalola kupita ku funso lotsatira. Wolakwa ndinali ine. Ndinatenga malire a zimene zimachitika kawirikawiri n'kuwasandutsa malire a zimene zingatheke, ndipo amene anabisika ndi mwana yemwe anali pachiopsezo chachikulu kuposa onse pabenchipo. Choopsa n'chakuti deta yathu inkaoneka yoyera. Palibe amene akanakayikira nambala 15.

Ndiye pali mitundu iwiri ya malamulo imene wopanga fomu ayenera kuisiyanitsa. Lamulo lotseka khomo limakaniratu yankho. Lamulo lochenjeza limafunsa ngati wolembayo watsimikiza, kenako n'kumulola kupitirira. Mu ODK, ndi mu KoboToolbox imene imagwiritsa ntchito mafomu a mtundu womwewo, chilichonse chimene mwalemba pansi pa constraint chimatseka khomo. Mukafuna chenjezo lokha, muyenera kulipanga nokha: funso loonjezera limene limatuluka pokhapokha nambala ikakhala yachilendo, lofunsa wolembayo kuti atsimikize. REDCap imachita mosiyana. Mukalemba mawu pamalo a nambala imakana, koma nambala ikangodutsa malire amene munaika, imachenjeza n'kuilandira. Ofufuza ambiri sadziwa kusiyana kumeneku, ndipo amadabwa kupeza nambala zodutsa malire mu deta imene ankaganiza kuti ndi yotetezedwa.

Maganizo anga ndi akuti khomo litsekedwe pa zinthu zosatheka zokha: deti lobadwa limene lili kutsogolo kwa lero, mwamuna woyembekezera, mwana wolemera makilogalamu 300. Zachilendo koma zotheka zilandire chenjezo ndi malo olembapo chifukwa. Bungwe la WHO limachita chimodzimodzi pa miyezo ya kakulidwe ka ana. Pa kulemera poyerekeza ndi msinkhu, limakayikira muyezo pokhapokha z-score ikatsika kupitirira -5 kapena kukwera kupitirira +5, pomwe kunyentchera kwambiri kumayambira pa -3. Mpata umene uli pakati pa -3 ndi -5 unasiyidwa dala, chifukwa ana odwalitsitsa ali mmenemo.

Funso lokakamiza kuyankha nalonso lili ndi msampha wake. Agogo ambiri kumudzi sadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo wolera mwana wamasiye akhoza kusakhala ndi buku lake la kusikelo. Fomu ikaumirira tsiku, mwezi ndi chaka, wofunsa amalemba 1 January, ndipo posanthula mumapeza mudzi wonse unabadwa pa tsiku la chaka chatsopano. Ena amalemba 99 kutanthauza kuti sakudziwa, ndipo 99 ameneyo amalowa m'masamu ngati zaka zenizeni. Njira yabwino ndi kuika yankho lakuti "sakudziwa" ngati yankho lovomerezeka, ndi kulola chaka chokha pamene tsiku silikudziwika. Ofunsa odziwa ntchito amathandiza munthu kukumbukira pogwiritsa ntchito zochitika, monga chisankho cha 1994, njala ya 2002 kapena namondwe wa Freddy mu 2023. Fomu iwapatse malo olembapo kuti detilo ndi longoyerekeza.

Uthenga umene fomu imaonetsa ikakana ndi wofunikanso. Mawu oti yankho ndi lolakwika, m'Chingerezi, sauza wofunsa choti achite. Uthengawo unene malire ake, unene ngati akufunika masentimita kapena mamilimita, ndipo ukhale m'chilankhulo chimene wofunsayo akugwiritsa ntchito.

Palinso zolakwika zimene lamulo lililonse silingagwire. Mwana wolemera makilogalamu 8.6 akalembedwa 6.8, nambala zonse ziwiri ndi zotheka. Deti lolembedwa 03/04 likhoza kukhala 3 April kapena 4 March, ndipo kompyuta ilandira lililonse. Sikelo ikakhala yopotoka, miyezo yonse idzadutsa malamulo bwinobwino ili yabodza. Apa chofunika ndi kuyeza kawiri, kuyesa masikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake, ndi kuti woyang'anira azibwereza mafunso angapo m'makomo ena osankhidwa mwachisawawa.

Fomu yathu ija tinaikonza tsiku lomwelo. Malire otseka khomo tinawafutukula kukhala 10 mpaka 60, ndipo pansi pa 15 ndi pamwamba pa 49 tinaika chenjezo. Kenako tinatenga onse amene analembedwa kuti ali ndi zaka 15 n'kuyerekeza ndi mabuku awo a kusikelo, mmodzimmodzi. Kuyambira pamenepo, fomu iliyonse isanapite kumudzi ndimakhala pansi ndi ofunsa mafunso ndi anamwino, n'kuwapempha kuti ayese kulowetsa wodwala wachilendo kwambiri amene anamuonapo pa ntchito yawo. Malire amene akana wodwala weniweni timawasintha tisananyamuke.